Lipoti la Vuto la Mipata ndi Zilembo Zazikulu Powerenga Mafayilo a XML Ochokera ku Madepoti

Ntchito imene ndikuifotokoza pano inali ya kampani ina yogulitsa mbewu ndi feteleza, yomwe ili ndi madepoti m'maboma angapo a dziko lino. Madzulo alionse depoti iliyonse imatumiza ku likulu fayilo ya XML (mtundu wa fayilo mmene chinthu chilichonse chimalembedwa pakati pa matagi, ndiko kuti zizindikiro zokhala ndi mayina) yonena katundu amene walowa, amene watuluka ndi amene watsala, ndipo pulogalamu yolembedwa mu Python imawerenga mafayilowo n'kuika manambala mu database. Dandaulo linachokera kwa akauntanti: chiwerengero cha matumba mu database sichinkagwirizana ndi cha m'mabuku a madepoti ena, pomwe pulogalamu inkamaliza ntchito yake usiku uliwonse popanda kusonyeza cholakwika chilichonse pa manambalawo. Popeza kompyuta inali chete, maso a akuluakulu anali atayamba kuloza kwa oyang'anira madepoti, ndipo mawu akuti kuba anali atatchulidwa kale pa msonkhano wina. Ndinaitanidwa kuti ndifufuze pulogalamuyo anthu asanayambe kulembedwa makalata.

Mafayilowa sankachokera ku gwero limodzi. Madepoti akale ankagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta yolembedwa mu C#, madepoti atsopano ankatumiza kudzera pa pulogalamu ya pa foni yolembedwa mu Java, ndipo ochepa ankalemba mu spreadsheet n'kudina batani limene linkasandutsa mizereyo kukhala XML. Anthu amene analemba mapulogalamu atatuwa anapatsidwa fayilo imodzi yachitsanzo kuti aitsanzire, koma panalibe schema, ndiko kuti chikalata chonena mwatsatanetsatane mayina a matagi ndi mtundu wa zimene ziyenera kukhala m'kati mwake. Aliyense anatsanzira monga momwe maso ake anaonera.

Matagi a zilembo zosiyana

Chinthu choyamba chinapezeka nditaika fayilo ya depoti yodandaulidwa pambali pa fayilo ya depoti yopanda vuto. Ina inali ndi <kuchuluka>40</kuchuluka>, ina <Kuchuluka>40</Kuchuluka>. Kwa munthu awa ndi mawu amodzi, koma kwa XML ndi mayina awiri osiyana kotheratu. Lamulo limeneli lakhalapo kuyambira pamene bungwe la W3C linatulutsa XML 1.0 pa 10 February 1998, ndipo silinaikidwe mwangozi. Mayina a matagi a XML amaloledwa kulembedwa m'zilembo za zinenero zambiri, ndipo m'zinenero zina kusandutsa chilembo chachikulu kukhala chaching'ono kulibe yankho limodzi, choncho njira yosabweretsa mikangano inali yoti mayina afanane chilembo ndi chilembo.

Kusiyana kwa matagiko pakokha sikukanabisika nthawi yaitali. Chimene chinakubisa ndi mzere umodzi wa pulogalamu ya ku likulu, umene unkaitana findtext ya ElementTree, chida cha Python chowerengera XML, kufunafuna tagi ya zilembo zazing'ono, n'kuuzidwa kuti ikapanda kuipeza ibweze "0". Motero mzere uliwonse wochokera ku pulogalamu ya pa foni umene unali ndi K wamkulu unkalowa mu database ngati matumba ziro. Ine ndimaona kuti cholakwika chachikulu pa nkhani yonseyi chinali chimenechi, osati chilembo chachikulucho. Nambala yosowa ndi nambala ya ziro ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pulogalamu imene imasandutsa choyamba kukhala chachiwiri imanama mosadziwa, komanso bodza lakelo limagwera anthu.

Vuto la mtundu womwewu linalinso pa tagi yonena ngati katundu wabwezedwa ndi kasitomala. Pulogalamu ya C# inkalemba True ndi False, chifukwa umu ndi mmene ToString imalembera mu .NET, pomwe XmlConvert.ToString ikanalemba true ndi false. Ku likulu ankayerekezera ndi true wa zilembo zazing'ono, ndiye katundu yense wobwezedwa ku madepoti akale ankawerengedwa ngati wogulitsidwa. Mu XML Schema, malamulo a W3C olembera schema, mtundu wa xs:boolean, wonena kuti inde kapena ayi, umavomereza zinthu zinayi zokha: true, false, 1 ndi 0. Schema ikanakhalapo, True akanakanidwa tsiku loyamba lomwelo.

Njira imene ndinaikana

Mnyamata amene ankasamalira pulogalamuyi anali ataliona kale vuto la matagi, ndipo anali atakonza njira yake pa kompyuta yoyeserera: kusiya ElementTree n'kuwerenga mafayilo ndi chida china cha Python, BeautifulSoup, pogwiritsa ntchito html.parser, yomwe ndi parser (pulogalamu yowerenga matagi) ya HTML, chinenero cha masamba a intaneti. Maganizo ake anali omveka, chifukwa mu HTML mayina a matagi ndi a ma attribute (mfundo zowonjezera zolembedwa m'tagi yotsegula) sasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo parser imazisandutsa zonse kukhala zazing'ono. Kuchuluka ndi kuchuluka zikanakhala chinthu chimodzi popanda kulemba china chilichonse.

Ndinamupempha kuti tisapite njira imeneyo, ndipo ndifotokoza chifukwa chake mwatsatanetsatane popeza ambiri amakopeka nayo. Parser ya HTML inapangidwa kuti isakane tsamba lililonse, ngakhale lolembedwa molakwika, chifukwa cholinga chake n'choti wowerenga aone kenakake pa sikirini. Ili ngati mlonda amene amatsegulira geti aliyense wogogoda. Parser ya XML inalamulidwa zosiyana: ikakumana ndi fayilo yosapangidwa bwino iyenera kunena kuti pali cholakwika, osapitiriza ngati zonse zili bwino. Kwa kampani imene madepoti ake ena ali kumalo kumene netiweki imaduka pafupipafupi, ukali umenewu ndi chitetezo. Ndinadula dala fayilo imodzi pakati n'kuipereka kwa onse awiri. ElementTree inaikana ndi ParseError, pomwe html.parser inalandira theka la fayiloyo bwinobwino, ndipo mizere yonse yakumapeto inangosowa popanda aliyense kudziwa. Palinso msampha wina wodziwika kwa amene amawerenga RSS, mafayilo a XML ofalitsira nkhani pa intaneti: mu HTML matagi monga link ndi source sakhala ndi kanthu m'kati, choncho parser ya HTML ikakumana ndi tagi ya XML ya dzina limenelo imaitseka pomwepo, ndipo mawu amene anali m'kati mwake amagwera kunja.

Chimene tinachita m'malo mwake n'chakuti tinasunga parser ya XML, n'kuika tebulo laling'ono lolembedwa poyera la mayina olakwika amene tinawapezadi m'mafayilo akale, lililonse molozera ku dzina lake lolondola. Tagi iliyonse imene mulibe mu schema kapena m'tebulomo imachititsa kuti fayilo yonse ikanidwe. Sindinavomere kuti tingosandutsa tagi iliyonse kukhala ya zilembo zazing'ono, chifukwa kutero n'kuvomereza pasadakhale zolakwika zimene sitinazione, ndipo otumiza mafayilo sakanadziwa konse kuti pali chofunika kukonza.

Depoti imodzi yooneka ngati zitatu

Matagi atakonzedwa, manambala anayandikira koma sanafanane. Nditasanja mayina a madepoti mu database ndinapeza Nkhata Bay katatu. Imodzi inali NKHATA BAY ya zilembo zazikulu, yochokera ku spreadsheet. Ziwiri zinazo zinkaoneka zofanana ndendende pa sikirini, ndipo apa mpamene panali nkhani yeniyeni.

Ambiri amaganiza kuti parser imadzichotsera yokha mipata yosafunika, koma sizili choncho. Gawo 2.10 la XML 1.0 limalamula kuti chilichonse chimene si tagi chiperekedwe ku pulogalamu monga momwe chilili, kuphatikizapo mipata, ma tab ndi kuduka kwa mizere. Pulogalamu ya pa foni inkakongoletsa mafayilo ake poika dzina la depoti pa mzere wakewake, lolowera m'kati pang'ono, kotero kuti chimene Python inkalandira chinali kuduka kwa mzere, mipata inayi, dzinalo, kenako kudukanso kwa mzere. Pulogalamu ya ku likulu inkaitana strip, yochotsa mipata m'mbali mwa mawu, pa zinthu zina n'kuiwala pa zina. Ili linali vuto losavuta kuliona ndikangosindikiza mawuwo ndi repr, imene imaonetsa zilembo zobisika.

Koma repr inaonetsanso china. Pakati pa Nkhata ndi Bay, m'mafayilo ena, panalibe mpata wamba wa U+0020 (nambala yake mu Unicode, mndandanda wa zilembo za pa kompyuta) koma \xa0, ndipo nditatsegula fayiloyo ndi hexdump, chida choonetsa manambala enieni a m'fayilo, ndinapeza ma byte C2 A0. Umenewu ndi mpata wa U+00A0, umene pa masamba a intaneti umalembedwa &nbsp; ndipo ntchito yake ndi kuletsa mawu awiri kulekana mzere ukatha. Umalowa m'mafayilo munthu akakopera dzina kuchokera pa tsamba la intaneti kapena m'kalata n'kulimata mu fomu. Chovuta chake n'chakuti zida zathu sizigwirizana ngati chilembo chimenechi ndi mpata kapena ayi. XML imadziwa mipata inayi yokha: U+0020, tab, U+000D ndi U+000A (ziwirizi ndi zodulira mizere), ndipo normalize-space ya XPath, chinenero chofufuzira mu XML, imatsatira mndandanda womwewo, choncho U+00A0 imaisiya. Mu Java, trim imachotsa zilembo zokhazo zimene nambala yake siposa U+0020, ndipo ngakhale strip imene inabwera ndi Java 11 siichotsa, chifukwa Character.isWhitespace siiwerengera ngati mpata. Mu JavaScript trim imaichotsa. Mu Python strip imaichotsanso, koma m'mbali mwa mawu mokha, pomwe yathuyi inali pakati. Choncho wolemba pulogalamu ya pa foni ankanena zoona ponena kuti iye amachotsa mipata asanatumize, ndipo wa ku likulu ankanenanso zoona, koma awiriwa sankatanthauza chinthu chimodzi.

Njira imene inathandiza mu Python ndi kuitana split popanda kuiuza chogawira, n'kulumikizanso zidutswazo ndi mpata wamba umodzi, chifukwa split yotere imagawa pa mpata uliwonse umene Unicode imaudziwa, U+00A0 kuphatikizapo. Ngakhale zili choncho pali chilembo china chimene chimapulumuka, U+200B, chomwe chilibe m'lifupi ngakhale pang'ono ndipo Python siichiwerengera ngati mpata. Chimenechi pamodzi ndi U+FEFF, chilembo china chosaoneka, tinazichotsa mwapadera m'mayina.

Akuluakulu anafunsa funso loyenera: ngati mafayilo akhala otere kuyambira kale, n'chifukwa chiyani madepoti anayamba kuwirikiza posachedwa? Yankho linali m'kusamuka kwa database kumene kunachitika nyengo yapitayo. Poyamba ankagwiritsa ntchito MySQL ndi collation (lamulo loyerekezera mawu) ya utf8mb4_general_ci, imene poyerekezera mawu siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono ndiponso siiwerengera mipata wamba yakumapeto. Atasamukira ku PostgreSQL, kumene mawu a mtundu wa text amayerekezeredwa monga momwe alili, NKHATA BAY inaleka kufanana ndi Nkhata Bay, pulogalamu n'kumatsegula depoti yatsopano nthawi iliyonse imene sinapeze dzinalo. Palibe database imene inalakwa pamenepa. Yakaleyo inkaphimba mbali ina ya vutolo, ndipo palibe amene ankadziwa kuti akudalira khalidwe limenelo.

Pamene mpata suyenera kukhudzidwa

Munthu akaona zonsezi amafuna kusesa mipata yonse pakhomo pomwe fayilo ikulowa, ndipo lxml, chida china cha Python chowerengera XML, ili ndi remove_blank_text imene imaoneka ngati inapangidwira zimenezo. Mafayilo athu anali ndi malo amene kusesa koteroko kukanawononga. Tagi ya ndemanga imasunga zimene woyang'anira depoti walemba, ndipo pulogalamu ya C# imalola kuti mawu ena alembedwe mokhuthala, motero m'kati mwa ndemanga mumakhala matagi ena. Ndemanga ikayamba ndi <b>Urea</b> <b>NPK</b>, mpata umene uli pakati pa matagi awiriwo ndi wofunika, koma parser yopanda DTD (chikalata china chofotokoza kapangidwe ka fayilo) kapena schema imangoganizira, ndipo ikhoza kuutaya n'kusiya UreaNPK. XML ili ndi attribute ya xml:space="preserve" youza mapulogalamu kuti mipata ya m'tagi imeneyo isungidwe, ndipo tinapempha kuti iikidwe pa ndemanga.

M'ndemanga momwemo ndinapezanso kuti pulogalamu inkawerenga text yokha. Mu ElementTree, text imasunga mawu amene ali pakati pa tagi yotsegula ndi mwana wake woyamba, ndipo mawu obwera pambuyo pa mwanayo amasungidwa mu tail ya mwanayo. Ndemanga yakuti Matumba <b>10</b> anyowa ndi mvula inkafika ku likulu ili ndi liwu limodzi lokha, Matumba. Izi zinandikhudza kwambiri kuposa zina zonse, chifukwa oyang'anira madepoti ankafotokoza ndithu zimene zachitikira katundu wawo, koma mafotokozedwe awowo ankadulidwa asanafike kwa anthu amene ankawakayikira. Kugwiritsa ntchito itertext kunathetsa vutoli.

Pali kusintha kwina kumene parser imachita yokha, kumene pulogalamu singakuletse. Gawo 2.11 limati U+000D wotsatiridwa ndi U+000A, monga momwe Windows imadulira mizere, asandutsidwe U+000A mmodzi pulogalamu isanaone kanthu. Gawo 3.3.3 limati m'kati mwa attribute, tab kapena kuduka kwa mzere kusandutsidwe mpata wamba, pokhapokha kutalembedwa ngati &#10;. N'chifukwa chake adiresi ya kasitomala imene batani la spreadsheet linkaiika mu attribute inkafika ili mzere umodzi, ndipo tinaisamutsira m'tagi yakeyake. Zilembo nazonso zili ndi malo amene siziyenera kukhudzidwa: lisiti iliyonse inali ndi chizindikiro cholembedwa mu Base64, njira yolembera manambala ndi zilembo, mmene A ndi a ndi manambala osiyana, kotero kuti aliyense wosandutsa fayilo yonse kukhala ya zilembo zazing'ono akanapha zizindikiro zonsezo.

Vuto limodzi lokha ndi limene linkadzionetsa poyera kuyambira kale. Batani la spreadsheet nthawi zina linkaika mzere wopanda kanthu pamwamba pa <?xml version="1.0"?>, ndipo popeza mawu amenewa ayenera kukhala pachiyambi penipeni pa fayilo, parser inkakana ndi uthenga wakuti "XML or text declaration not at start of entity". Limeneli ankalikonza pamanja m'mawa mwake, ndipo silinasocheretsepo thumba ngakhale limodzi.

Chimene tinamanga

Maziko a kukonzaku ndi akuti chisankho cha mipata ndi zilembo chimapangidwa pa tagi iliyonse payokha, chimalembedwa pamalo amodzi, ndipo mbali zina za pulogalamu siziloledwanso kuitana strip kapena lower mwa kufuna kwawo. Tinabwereka maganizo a XML Schema ya 2001, imene ili ndi njira zitatu zosamalira mipata: preserve imasiya zonse, replace imasandutsa tab ndi kuduka kwa mzere kukhala mpata, ndipo collapse imawonjezera kuchotsa mipata ya m'mbali ndi kuphatikiza yotsatizana kukhala umodzi. Ndemanga zinapatsidwa njira yoyamba. Mayina, manambala ndi masiku zinapatsidwa yachitatu. Tinalembanso schema yeniyeni ya XSD, ndiko kuti ya XML Schema, ndipo lxml imayesa fayilo iliyonse ndi schema imeneyi tebulo la mayina olakwika likangogwira ntchito yake. Apa pali mfundo imene ndinaitsindika kwa mnyamata uja: schema ikavomereza nambala yokhala ndi mipata m'mbali, sindiye kuti mipatayo yachoka mu text imene Python iwerenge, choncho kuyeretsa kuyenera kuchitikabe mu pulogalamu.

Pa mayina a madepoti, a katundu ndi a makasitomala timasunga zinthu ziwiri: dzina monga momwe linalembedwera, ndi kiyi yoyerekezera. Kiyi imapangidwa poyeretsa mipata, kusandutsa mawu kukhala a mtundu wa NFC, umene umagwirizanitsa njira zosiyana zolembera chilembo chimodzi, kenako kuitana casefold, imene imathetsa kusiyana kwa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. NFC ndi yofunika kwa ife makamaka chifukwa cha ŵ, amene akhoza kulembedwa ngati chilembo chimodzi, U+0175, kapena ngati w wotsatiridwa ndi U+0302, ndipo ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi pa sikirini. Mayina okhala ndi ng' nawo amabwera ndi kachizindikiro kowongoka ka U+0027 kapena kopindika ka U+2019, malinga ndi kiyibodi ya foni, ndipo m'kiyi timazisandutsa chimodzi. Dzina loyambirira silikhudzidwa, chifukwa ndi limene limasindikizidwa pa lisiti, ndipo munthu ali ndi ufulu woona dzina lake litalembedwa monga momwe amalilembera. Kwa wolemba pulogalamu ya pa foni ndinapempha kuti kulikonse kumene amaitana toLowerCase, yosandutsa zilembo kukhala zazing'ono, aikemo Locale.ROOT, yoiletsa kutsatira chinenero cha foni, popeza foni yoikidwa pa chinenero cha ku Turkey imasandutsa I kukhala ı wopanda kadontho. Izi sizinatichitikire, koma mafoni ena kuno amagulidwa akale ochokera kunja, ndipo kukonzako ndi kwa mawu awiri okha.

Manambala sakhululukiridwa konse. Python imalandira nambala yokhala ndi mipata m'mbali, koma imakana 1 200 kapena 1,200, ndipo pulogalamu yakale inkagwira cholakwika chimenechi n'kuikapo ziro. Tsopano nambala yosawerengeka kapena tagi yosowa imachititsa kuti fayilo yonse iikidwe pambali, ndipo uthenga umapita ku depoti ndi ku likulu wonena mzere ndi tagi yake. Dzina la depoti limene kiyi yake mulibe mu database silitsegulanso depoti yatsopano, koma limadikira munthu kuti alivomereze. Poyesa zonsezi tinasonkhanitsa mafayilo enieni oipa kuchokera m'nkhokwe, aliyense woimira vuto limodzi, n'kuwonjezera yodulidwa pakati ija, ndipo amayesedwa nthawi iliyonse pulogalamu ikasinthidwa.

Mwamwayi kampaniyi inkasunga mafayilo onse monga momwe anafikira, choncho tinawawerenganso onse a nyengo imeneyo ndi pulogalamu yokonzedwa, titaphatikiza madepoti owirikiza aja. Manambala a madepoti amene ankadandaulidwa anagwirizana ndi mabuku awo, kupatula kusiyana kochepa kumene ndemanga zobwezeretsedwa zija zinakufotokoza, monga matumba onyowa ndi ong'ambika. Ndinalemba izi m'kalata yapadera kwa akuluakulu ndipo ndinapempha kuti oyang'anira madepoti auzidwe mwachindunji, chifukwa anali atamva kale zimene zinkanenedwa za iwo.

Mfundo imodzi sitinagwirizane mpaka lero. Mkulu woona za malonda sakondwera kuti m'mawa wina lipoti limatuluka likusowa depoti imodzi kapena ziwiri chifukwa mafayilo awo akanidwa, ndipo anapempha kuti pulogalamu izilandira mizere yabwino n'kutaya yoipa yokha. Ndinayankha kuti lipoti lonena poyera kuti depoti yakuti sinawerengedwe lingagwiritsidwe ntchito, pomwe lipoti la theka la depoti looneka ngati lathunthu ndi limene linabweretsa mlandu wonsewu. Tinagwirizana zoti pamwamba pa lipoti pazilembedwa mayina a madepoti amene akusowa ndi chifukwa chake. Pulogalamu ya pa foni ndi ya C# zakonzedwa kale ndipo zimayesa mafayilo awo ndi schema asanatumize. Madepoti a spreadsheet ndi amene akudalirabe tebulo la mayina olakwika, ndipo pulogalamu imalemba nthawi iliyonse tebulolo likagwiritsidwa ntchito, kuti dzina lililonse lichotsedwemo likangoleka kuoneka m'mafayilo.